PHUNZIRO LA OIMBA: KUSANKHA NDI KUSUNGA MABITI A KIYIBODI YA M'TCHALICHI

Inu akatekisti, atsogoleri a makwaya ndi anyamata oliza kiyibodi, phunziro lathu la lero likhudza kanthu kakang'ono kosaposa chala cha munthu, koma kamene kalamulira maimbidwe a Nsembe ya Misa m'matchalichi ambiri a ku Balaka ndi ku Machinga. Kanthuko ndi fulashi imene woliza kiyibodi aisunga m'thumba la malaya. M'menemo muli mabiti, kwa ena mazana, kwa ena zikwi. Biti imene iye adzasankha Lamulungu m'mawa ikhoza kutsegula pakamwa pa mpingo wonse kuti uimbe, ikhozanso kuutseka pakamwa kuti ungokhala duu ngati anthu oonerera masewera. Chifukwa chake nkhaniyi si ya anyamata okha ai. Ndi ya tonsefe amene tipemphera poimba. Tiyeni tione kuti biti nchiani, Eklezia anenapo zotani, tiiyese bwanji, ndipo tiisunge motani.

1. BITI NCHIANI?

Kuyambira pamene Abambo a Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, choimbira chodziwika m'matchalichi a mishoni chinali limba lopopa ndi mapazi. Limba lija silinadziwe kanthu pa lokha: liu lililonse linatuluka chifukwa chala cha munthu chagunda. Kiyibodi ya masiku ano, monga za Yamaha zotchedwa PSR kapena za Korg zotchedwa Pa, ili ndi gulu lonse la oimba m'mimba mwake. Woliza akagunda makiyi atatu pamodzi ndi dzanja lamanzere, chimene oimba achitcha chord, makina azindikira chord imeneyo nayamba kuliza ng'oma, besi, gitala ndi malipenga moitsata. Dongosolo la kalizidwe kotere lilembedwa Style pamwamba pa makinawo. Anyamata athu ati biti, ndipo ifenso titero.

Biti si nyimbo yojambulidwa ngati ya pa wailesi. Ndi malangizo olembedwa m'chinenero cha makina oimbira chotchedwa MIDI, chimene opanga zoimbira anagwirizana m'chaka cha 1983. Malangizowo auza makina ng'oma yoti agunde, nthawi yoigundira, ndi mphamvu yake. Pa makina a Yamaha biti imodzi ili ndi mizere isanu ndi itatu: iwiri ya ng'oma, umodzi wa besi, iwiri ya chord, umodzi wa mau ofewa otalika wotchedwa Pad, ndi iwiri ya tinyimbo tokometsera totchedwa Phrase. Pa makina akulu biti ilinso ndi zoyambira zitatu zolembedwa Intro, zapakati zinai zolembedwa Main A, B, C ndi D, zolumikizira zolembedwa Fill In, ndi zomalizira zitatu zolembedwa Ending. Makina ang'ono ambiri ali ndi Main A ndi B zokha.

Popeza ndi malangizo chabe, biti itenga malo ochepa ndithu, kotero kuti fulashi ya 8 GB ikhoza kusunga mabiti oposa 100,000. Kiyibodi ya PSR-S670 ichokera ku fakitale ili kale ndi mabiti 230, ndipo PSR-SX900, imene inatuluka m'chaka cha 2019, ili nao 525. Pamwamba pa amenewa anyamata aonjeza ena ochokera pa intaneti, ena otumizirana pa WhatsApp, ena obwera ndi abale ochokera ku Johannesburg.

Tsono tiyeni tiwerengere. Munthu wokhala ndi mabiti 3,000, akafuna kumvera iliyonse mphindi ziwiri zokha, afunika maola 100, ndiye kuti masiku 50 ngati amvera maola awiri tsiku lililonse. Ndani mwa oliza athu anachita zimenezi? Chotero ambiri anyamula chuma chimene sachidziwa, ndipo amachiyesa koyamba pakati pa Misa. Wansembe waima pa guwa, anthu akudikira, mnyamata akupotokola kabatani kufunafuna. Akulu anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

2. EKLEZIA ANENAPO ZOTANI?

Nkhani ya zoimbira m'tchalichi si yatsopano. Pa 22 November 1903 Papa Pius X Woyera analemba malamulo a nyimbo zopatulika, naletsa piyano, ng'oma ndi zoimbira zina zaphokoso m'nyumba ya Mulungu. Pa 3 September 1958, m'masiku a Papa Pius XII, anatuluka malangizo ena ochokera ku Roma, amene analetsa makina oimba okha, monga galamafoni, wailesi ndi limba lodziliza lokha, ngakhale cholinga chikhale chongothandizira kwaya. Maganizo ake anali akuti chipembedzo ndi nchito ya anthu amoyo: Mulungu afuna mpweya, mtima ndi zala za ana ake.

Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatsegula khomo lina. M'chikalata chake cha Liturujia cha pa 4 December 1963, ndime 119 iphunzitsa kuti maimbidwe a makolo a mitundu ya anthu alemekezedwe napatsidwe malo oyenera m'chipembedzo. Ndime 120 ipatsa ulemu limba lalikulu la mipope, koma ilolanso zoimbira zina ngati Ambuye Aepiskopi a dziko abvomereza, ndiponso ngati zili zoyenera ulemu wa nyumba ya Mulungu ndi zolimbikitsa Akristu. Ndi khomo limeneli m'mene ng'oma zathu, maseche ndi visekese zinalowera m'tchalichi. Pambuyo pake, pa 5 March 1967, malangizo otchedwa Musicam Sacram anafotokoza nchito ya zoimbirazo: zichirikize mau a anthu, zithandize mpingo kuimba pamodzi, koma zisamize mau kotero kuti zonenedwa m'nyimbo zileke kumveka, ndipo zikhale chete pamene wansembe anena mokweza mapemphero a udindo wake.

Nanga biti ya kiyibodi igwera mbali iti? Onani, ili pakati. Mbali ina ndi munthu amene aliza, pakuti popanda dzanja lake lamanzere besi sidziwa kopita. Mbali inanso ndi makina odziliza okha, pakuti ng'oma zake zikayamba ziyenda pa liwiro limodzi, zosamva kanthu, zosadikira munthu. Kugamula zoimbira zololedwa ndi zosaloledwa ndi udindo wa Ambuye Aepiskopi athu. Koma muyeso umene Eklezia watipatsa ndi woonekeratu, ndipo aliyense akhoza kuugwiritsa nchito: biti ndi wantchito wa kuimba kwa mpingo. Biti yothandiza anthu kuimba ndiyo yabwino. Biti yochititsa anthu kukhala chete ndi kumangomvera yalephera nchito yake, ngakhale ikhale yokoma chotani.

3. MAIMBIDWE A KWATHU KUNO

Ife a kuno sitisowa mbiri ya nyimbo. Pa parishi ya Balaka ndi pamene panabadwira Alleluya Band m'chaka cha 1978, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort. M'gulu limeneli munadzera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anatisiya m'chaka cha 2024, ndipo dziko lonse linadziwa kalizidwe ka ku Balaka kokhala ngati reggae. Nchosadabwitsa tsono kuti mnyamata wa ku Utale, ku Ulongwe kapena ku Phalula akakhudza kiyibodi, chala chake chithamangira biti yotere. Biti imeneyi si yoipa, ndipo pa nyimbo yotulukira tsiku la chikondwerero ikhoza kukhala pa malo ake. Koma tikumbuke kuti gulu loimba pa nsanja ndi mpingo wopemphera pa Misa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa nsanja anthu abwera kudzamvera. Pa Misa abwera kudzaimba okha. Ndiponso oimba a m'gulu lija anali anthu omverana, wa ng'oma akuyang'ana woimba, pamene makina samuyang'ana munthu aliyense.

Palinso bvuto lina. Mabiti a ku fakitale ambiri anapangidwira nyimbo za maiko ena, zoyenda mowerenga zinai zinai, zimene oimba alemba 4/4. Koma nyimbo zambiri za makolo athu, ndiponso za m'tchalichi zopekedwa potsata makolowo, ziyenda mwa kugunda kogawika patatu, kumene alemba 6/8 kapena 12/8. Wakumva manganje kapena beni ku Ntaja ndi ku Nsanama, kapena tchopa wa Alomwe, adziwa kuti ng'oma zathu zilankhulana, ina patatu ina pawiri, nthawi imodzi. Mukaikakamiza nyimbo yotere kulowa m'biti ya 4/4, iyenda motsimphina ngati munthu wobvala nsapato za mwendo umodzi. Ngakhale biti ya 6/8 ya ku fakitale, imene inapangidwira asilikali oguba kapena nyimbo zachikondi za Azungu, iwerenga chimodzimodzi koma itsindika pena. Amai a m'mudzi amva msanga kuti china chalakwika. Sanena kanthu, angoleka kuomba m'manja.

4. KAYESEDWE KA BITI

Biti iliyonse iyesedwe isanalowe m'Misa, ndipo iyesedwe m'tchalichi momwemo, pa zokuzira mau zomwezo, tsiku la maphunziro a kwaya. Chimene chikoma m'makutu a munthu mmodzi kunyumba chisinthika pansi pa denga la malata ndi pakati pa zipupa za simenti, pamene besi ichita mkokomo nimeza mau. Nazi njira zisanu ndi ziwiri zoyesera.

Choyamba, nyimbo itsogole, biti itsate. Kwaya iimbe nyimboyo popanda kiyibodi, ikuomba m'manja monga imachitira mwachibadwa. Woliza amvetsetse ngati ikuyenda pawiri, patatu kapena panai. Kenaka agunde batani lolembedwa Tap Tempo motsata manjawo, ndipo makina adzaonetsa nambala ya liwiro lake. Pamenepo ndiye afune biti yogwirizana nayo. Kuyamba ndi biti ndi kufunira nyimbo pambuyo ndiko kusoka malaya musanayese mwini wake.

Chachiwiri, yesani mpweya wa anthu. Kwaya ya achinyamata ikhoza kuthamanga, koma m'tchalichi muli agogo, amai obereka ana ndi odwala. Mpingo upuma pa mathero a mzere uliwonse, ndipo woomba ng'oma wamoyo audikira pang'ono osadziwa nkomwe kuti waudikira. Makina sadikira. Chifukwa chake itanani Akristu achikulire atatu kapena anai adzaimbe nanu. Akayamba kutsalira kapena kudula mau, tsitsani liwiro. Ngati nyimboyo isowabe popumira, imeneyo si nyimbo ya biti, iperekezedwe ndi liu la limba lokha.

Chachitatu, mau amveke. Mtsogoleri wa kwaya apite kukaima pa khomo la kumbuyo, namvere ngati mlendo wosadziwa nyimboyo angathe kutola mau ake. Nyimbo ya m'tchalichi ndi katekisimu woimbidwa, m'Chichewa kaya m'Chiyao, ndipo Mkristu wosadziwa kuwerenga aphunzira chikhulupiriro chake m'menemo. Ngati mau sakumveka, zimitsani mizere iwiri ya Phrase, pakuti tinyimbo take tilimbana ndi nyimbo yeniyeni. Chepetsani malipenga, tsitsani ng'oma. Kawirikawiri ng'oma yofewa, besi ndi mzere umodzi wa chord zikwanira.

Chachinai, imvereni yonse. Dzina la biti lisakunyengeni, ngakhale lilembedwe Gospel kapena Worship, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Gundani Main A mpaka D, chifukwa biti yoyamba mofatsa pa A ikhoza kusanduka chimkokomo pa D. Mverani zoyambira: Intro yachiwiri ndi yachitatu kawirikawiri zili ndi nyimbo yaoyao yaitali, yosadziwana ndi nyimbo yathu, ndipo mpingo sudziwa polowera. Nkwabwino kuti woliza aimbe yekha mzere woyamba wa nyimboyo, kapena agwiritse nchito Intro yoyamba imene ili yaifupi. Mveraninso zomalizira, kuti wansembe asaime manja ali chitambasulire kudikira malipenga atsirize. Potsiriza yesani chord zamitundumitundu, za major, za minor ndi za seventh, m'makiyi angapo. Biti yopangidwa mosasamala ilira bwino pa C koma isokonezeka mukasamukira kwina.

Chachisanu, onani ngati ndi ya makina anu. Biti ya Korg siwerengedwa ndi Yamaha, ya Roland kapena ya Casio chimodzimodzi. Kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Ngakhale pakati pa makina a Yamaha pali mitundu iwiri: wakale wotchedwa SFF, ndi wina wotchedwa SFF GE umene unayamba ndi kiyibodi ya Tyros3 m'chaka cha 2008. Makina ang'ono ambiri a mtundu wa PSR-E awerenga wakalewo wokha, ndipo alandira mabiti ochepa ochokera kunja pa nthawi imodzi. Komanso biti yopangidwira kiyibodi yaikulu iitana mau amene yaing'ono ilibe, monga aja otchedwa MegaVoice, ndipo m'malo mwa gitala mumva kukwekwesa kosadziwika bwino. Yerekezaninso kukula kwa mau: mabiti otoledwa uku ndi uku ena alira motsika, ena mokweza kwambiri, ndipo mukasintha pakati pa Misa anthu adzidzimuka.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani chimene bitiyo ikumbutsa anthu. Kugunda kwa ng'oma pa kokha kulibe tchimo, koma kuli ndi kwao. Ngati Akristu akamva biti yakuti maganizo ao athamangira kumowa kapena ku dansi ya usiku, biti imeneyo yawatulutsa m'tchalichi matupi ao ali momwemo. Pa ichi woliza asadzidalire yekha. Afunse akatekisti ndi akuluakulu a mpingo, pakuti safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chiwiri, dziwani kumene yachokera. Mabiti ena aperekedwa ulere ndi eni ake, ena agulitsidwa, ndipo wowapanga adyera momwemo. Kukopera biti yogulitsa popanda chilolezo ndi kutenga thukuta la mnzako, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu silinasinthe chifukwa cha kompyuta. Dziko lathu nalonso lili ndi lamulo loteteza zopeka za anthu la m'chaka cha 2016, ndiponso bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi. Chakuba sitipereka pa guwa.

5. KASUNGIDWE KAKE

Mai wanzeru saphika chimanga cha m'nkhokwe monse tsiku limodzi. Atapako pang'ono, asinja, apeta, ndipo chofika pa mbale ndi ufa woyera wokha. Mabiti asungidwenso m'malo atatu otere.

Malo oyamba ndi nkhokwe, m'mene mukhala zonse zotoledwa zosayesedwa. Nkhokwe ikhale pa kompyuta kapena pa fulashi yapadera, ndipo isalowe m'tchalichi Lamulungu. M'menemo mudzapeza kuti mabiti ambiri ndi amodzimodzi ongosinthidwa maina. Fufutani obwerezawo osachita nao chisoni. Malo achiwiri ndi lichero: foda ya mabiti khumi kapena khumi ndi asanu amene adzayesedwa mwezi uno. Musapyole pamenepo, pakuti khutu likamva mabiti ambiri motsatizana litopa, ndipo onse ayamba kumveka ofanana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Malo achitatu ndi mbale: fulashi ya Misa, yokhala ndi okhawo amene apambana mayeso onse aja.

Nanga pa mbale pakhale angati? Werengani nokha. Nyimbo zathu ziyenda pa 4/4, pa 3/4 kapena pa 6/8, ndipo mtundu uliwonse uli ndi zofatsa, zapakati ndi zofulumira. Amenewo ndi mabiti asanu ndi anai. Onjezani ena ochepa a kalizidwe ka kwathu ndi a masiku a chikondwerero, mufika pa 15 kapena 20. Parishi yokhala ndi mabiti 20 odziwika bwino ndi yolemera kupambana mnyamata wokhala ndi 3,000 osawadziwa. Ndiponso mpingo ukazolowera biti, udziwa polowera ndi potsirizira, ndipo uimba mopanda mantha.

M'fulashi ya Misa mafoda atsate dongosolo la Misa yomwe. Popeza makina andandalika maina motsata manambala ndi zilembo, yambani dzina lililonse ndi nambala: 01 Yolowera, 02 Ulemu, 03 Aleluya, 04 Zopereka, 05 Woyera, 06 Komunio, 07 Yothokoza, 08 Yotulukira. Biti nayonso ipatsidwe dzina lalifupi lonena zoona zake, monga 68 Yofatsa 60, ndiye kuti ya 6/8, yofatsa, liwiro lake 60. Dzina lotere lithandiza munthu wina aliyense amene adzakhala pa mpando umenewo.

Kiyibodi zambiri zili ndi mabatani okumbukira olembedwa Registration Memory. Pa makina a PSR-S ndi PSR-SX900 alipo asanu ndi atatu. Batani limodzi lisunga biti, liwiro, liu la dzanja lamanja, kiyi ndi mizere yozimitsidwa, zonse pamodzi. Chotero Loweruka madzulo woliza akonze batani loyamba la nyimbo yolowera, lachiwiri la Ulemu, mpaka kumapeto, ndipo Lamulungu sadzafunafunanso kanthu. Koma chenjerani ndi ichi: batanilo silimeza bitiyo, lingokumbukira dzina lake ndi foda imene ikhalamo. Mukasintha dzinalo kapena kusamutsira bitiyo ku foda ina, batani lidzaisowa. Tsono yambani mwakonza mafoda ndi maina, mabatani pambuyo, ndipo mukatero musasunthenso kanthu.

Mafulashi a Misa akhale awiri ofanana, ina kwa woliza, ina ku ofesi ya parishi kapena kwa katekisti wa pa nthambi. Fulashi itayika, inyowa ndi mvula, ndiponso ikalowetsedwa m'makompyuta a pa msika itenga tizilombo tobisa mafayilo. Fulashi ya Misa isapite ku ukwati kapena ku chinkhoswe. Zimenezo zikhale ndi yakeyake. Pamwamba pa zonsezi pakhale kope wamba la mizere, lolembedwa ndi cholembera: dzina la nyimbo, chigawo cha Misa, kiyi, biti, liwiro ndi nambala ya batani. Anyamata athu sakhalitsa. Wina apita ku sukulu, wina kukafuna nchito ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo ngati nzeru zonse zinali m'mutu mwake ndi m'thumba mwake, kwaya ibwerera pa chiyambi. Kiyibodi inagulidwa ndi zopereka za Akristu. Fulashi ndi kope lija nazonso ndi katundu wa mpingo, ndipo woliza aliyense aphunzitse wina wachiwiri.

Pa makina akulu pali chida cholembedwa Style Creator, chimene chilola munthu kupanga biti yakeyake. Woliza wakhama aitane mkulu wodziwa ng'oma wa m'mudzimo, amvere kagundidwe kake, nakalembe m'makina mzere ndi mzere. Biti imodzi yotere ipambana zana zochokera kutali, pakuti ilankhula chinenero cha mapazi a anthu ake.

6. PAMENE BITI IKHALA CHETE

Woliza wokhwima adziwika ndi batani lozimitsira. Malangizo a m'buku la Misa, pa ndime 313, anena kuti m'nyengo ya Adventi zoimbira zilizidwe modziletsa, kuti chimwemwe cha Kubadwa kwa Ambuye chisadyedwe chisanapse. M'nyengo ya Lenti ziloledwa pongochirikiza kuimba basi, kupatula Lamulungu lachinai la nyengoyo ndi masiku a zikondwerero. Kuchokera pa Ulemu wa Lachinai Loyera mpaka pa Ulemu wa usiku wa Pasaka lamulo ndi lomwelo. Tsono foda ya Lenti ikhale yowonda, ndipo sichochititsa manyazi ngati ikhala yopanda kanthu.

Ngakhale m'nyengo ya pa chaka zilipo nyimbo zimene mwachibadwa sizifuna biti. Salimo litsata kutalika kwa mau ake, mzere wina wautali wina waufupi, ndipo silingamangidwe pa ng'oma ya makina. Pempho lopepesa machimo, mayankho a kwa wansembe, ndi Mwanawankhosa wa Mulungu zikoma ndi liu la limba lofewa. Pa maliro chimodzimodzi. Ndiponso pamene pali oomba ng'oma amoyo, biti izimitsidwe yonse, pakuti atsogoleri awiri a liwiro sangayendetse nyimbo imodzi, ndipo wa makina sagonjera mnzake.

Tisaiwalenso kuti magetsi azima, ndipo ku nthambi zambiri batire la sola lifooka Misa isanathe. Kwaya imene isokonezeka kiyibodi ikazima yaonetsa kuti inali kutsamira pa makina. Chifukwa chake pa maphunziro a kwaya nyimbo iliyonse iimbidwe kamodzi popanda choimbira chilichonse, ndipo ng'oma yachikopa ndi maseche zisachotsedwe m'tchalichi.

7. NCHITO YA AKATEKISTI

Inu akatekisti, simufunika kudziwa mabatani onse kuti muthandize pa nkhaniyi. Muli ndi makutu, ndipo mudziwa anthu anu. Musamkalipire mnyamata woliza pamaso pa anthu; iye apereka nthawi yake ndi luso lake kwa Mulungu, kawirikawiri popanda malipiro. Khalani naye pansi pamodzi ndi mtsogoleri wa kwaya, muwerenge phunziro lino, ndipo zobvuta muzitengere kwa Bambo Mfumu. Tsiku la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, ndi 22 November, masiku ochepa Adventi isanayambe. Sabata imeneyo ndi nthawi yabwino yopeta mabiti chaka ndi chaka: kuchotsa amene sanathandize, kulandira atsopano awiri kapena atatu oyesedwa bwino, kukonzanso kope, ndi kukopera fulashi yachiwiri.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI NDI M'MAKWAYA

1. Lamulungu lapitali, ndi nyimbo iti imene mpingo wonse unaimba, ndipo ndi iti imene inaimbidwa ndi kwaya yokha? Chinasiyanitsa nchiani?

2. Munthu woima pa khomo la kumbuyo kwa tchalichi chathu amamva mau a nyimbo, kapena ng'oma ndi besi zokha?

3. Woliza wathu atachoka mawa, ndani angakhale pa mpando wake, ndipo adzapeza chiani cholembedwa?

4. Magetsi atazima pakati pa nyimbo ya Zopereka, kodi tingaitsirize?

Cecilia Woyera, mutipempherere ife oimba ndi oliza, kuti zala zathu zitumikire mau a abale athu, ndi mau athu atumikire Mulungu.